Wotchi yoyeza tulo ndi mtima, ndaivala miyezi 7 tsopano, nazi zomwe ndaona

Anzanga angapo akhala akundifunsa za kawotchi kakuda kamene ndimavala padzanjaka, ena akufuna kugula koma akukayika, nde ndati bwanji ndingolemba zonse kamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi. Dzina la kampani sinditchula chifukwa zina zomwe ndinene pano ndi madandaulo, komanso mawotchi a mtundu umenewu ambiri amagwira ntchito mofanana. Ndi aja a kaskirini kakang'ono, kumbuyo kwake kuli kagetsi kobiriwira kothwanimathwanima, amalumikizana ndi foni pa Bluetooth, amawerenga masitepe, kugunda kwa mtima, tulo, mpweya wa m'magazi, kuphatikizapo kukukumbutsa kumwa madzi.

Ine sindinagule ndekha, anandigulira achemwali anga. Tsiku lina anandipeza ndikudzuka pampando n'kugwira khoma chifukwa cha chizungulire, maso anachita mdima kwa kanthawi. Anangondifunsa kuti iwe wadya lero? Nanga madzi wamwa? Ndinakhala duu kuganiza, ndipo yankho linali loti ayi zonse ziwiri, nthawi ili 3 koloko masana, m'mimba muli khofi yekhayekha makapu atatu. Ntchito yanga ndi ya pakompyuta ndipo ndikangolowamo ndimaiwala kuti ndili ndi thupi, mkodzo kuugwira mpaka ndimalize kaye ichi, njala kuiuza kuti dikira, tulo kutikankhira kutsogolo. Sabata yotsatira anandibweretsera kabokosi n'kunena kuti popeza ine sundimvera, mwina ichi uchimvera.

Chomwe chinandigwedeza sabata yoyamba ndi nkhani ya tulo. Munthu akanandifunsa ndikanayankha ndi mtima wonse kuti ndimagona maola 7, chifukwa ndinkalowa m'bedi cha m'ma 11 usiku n'kudzuka 6 koloko. Wotchi inandionetsa maola 5 ndi mphindi 20, mawa lake 5 ndi 40, tsiku lina 4 ndi 50. Ndinapsa mtima ndithu, ndinati chinthuchi chikunama, koma kenako ndinayamba kuwerengera bwinobwino kuti ndikalowa m'bedi foni imakhala m'manja mpaka 12 koloko kapena kupitirira, pakati pa usiku ndimadzidzimuka n'kuyamba kuganiza za ntchito, kutembenuka uku ndi uku. Mawu athu oti kugona amatinamiza, timati ndagona pomwe tangogona pansi, tulo tisanabwere n'komwe. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 a tulo tenitenito, nde ine ndinali ndi ngongole ya maola pafupifupi awiri usiku uliwonse kwa zaka kaya zingati. Pa ichi chokha wotchiyi ndimaithokoza, palibe munthu akanandiuza ine n'kuvomera, koma nambala ija kuiona m'mawa uliwonse inandifika pamtima.

Zitatero ndinayamba kuwerenga kuti kodi tulo timachokera kuti. Muubongo muli kanthu kotchedwa adenosine, kamachulukana pang'onopang'ono kuyambira pomwe wadzuka, kakadzadza ndi pamene zikope zimalemera, kuyasamula kosatha, ndipo ukagona kamachepa. Khofi sachotsa adenosine ayi, caffeine ya mu khofiyo imangokakhala pamalo pomwe adenosine imayenera kugwira, nde ubongo sumva uthenga woti watopa ngakhale kutopako kulipo, kukungokudikira. Ndipo caffeine imachedwa kutuluka, pakatha maola ngati 5 theka lake limakhala likadali m'thupi. Ine kapu yanga yomaliza inali ya 4 koloko madzulo, ndiye kuti 9 koloko usiku theka likadali m'magazi, nanga tulo tibwera bwanji? Ndinasiya kumwa khofi ikakwana 12 koloko masana, foni ndinayamba kuisiya patebulo osati pa pilo, ndipo patatha masabata atatu nambala inafika maola 6 ndi theka, pano nthawi zambiri imakwana 7. Mutu womwe unkandipweteka madzulo aliwonse unachepa kwambiri.

Palinso wotchi ina yomwe tinabadwa nayo, ili mu kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus, imayendera kuwala kolowa m'maso. Kukada thupi limatulutsa melatonin, homoni yothandiza kubweretsa tulo, limayamba kuzizira pang'ono mkati kukonzekera tulo, kukacha zonse zimabwerera. Akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chopeza mmene wotchi ya m'maselo imeneyi imayendera, ndipo anaipeza pofufuza tintchentche. Nditamva zimenezi ndinamvetsa chifukwa chomwe kugona mpaka 10 koloko Loweruka kumandisiya wolefuka Lolemba, thupi limafuna nthawi yofanana tsiku ndi tsiku. App ya wotchiyi ili ndi kagrafu koonetsa nthawi yomwe wagona ndi kudzuka sabata yonse, kameneka ndi kothandiza kuposa zina zonse zomwe anaikamo.

Koma pali pomwe imanama, ndipo ndinene mosabisa. M'mawa imakuonetsa mitundumitundu, akuti apa unali m'tulo topepuka, apa tulo tofa nato, apa m'tulo ta maloto tomwe amati REM, kenako n'kukupatsa malikisi pa 100. REM ilipodi, anaipeza Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku Chicago mu 1953, ndipo tulo timayendadi m'magawo obwerezabwereza pafupifupi mphindi 90 zilizonse. Kungoti kuti udziwe gawo lomwe munthu alimo pamafunika mawaya a kumutu oyeza mafunde a ubongo ngati mmene amachitira kuchipatala. Wotchi ili padzanja, ubongo siuona, imangoyerekeza poona ngati ukusuntha komanso mmene mtima ukugundira. Madzulo ena ndinagona chagada kuonera filimu maola awiri osasuntha, maso ali gwa, m'mawa ndinapeza yalemba kuti nthawi imeneyo ndinali m'tulo, mphindi 40 za tulo tofa nato.

Mwezi wachitatu malikisi aja anayamba kundidwalitsa. Ndimadzuka ndili bwinobwino, thupi lopepuka, kuyang'ana padzanja 61, basi tsiku lonse kumadzimva wotopa. Usiku kulowa m'bedi ndi nkhawa yoti lero ndipeze 85, ndipo nkhawa yomweyo n'kumandilanda tulo. Si ine ndekha, mu 2017 akatswiri a za tulo ku America anafika popatsa vutoli dzina, orthosomnia, ataona odwala akubwera kudzadandaula za manambala a pa wotchi osati za mmene akumvera. Zimandipweteka kuti opanga zinthuzi amaika malikisi amenewa pamwamba penipeni ndi zilembo zikuluzikulu ngati ndi zotsimikizika. Ndinawabisa mu ma setting, pano ndimangoona maola ndi nthawi yogonera basi.

Tsopano madzi. Apa ndi pomwe ndinakhumudwa kwambiri. Wotchi imanjenjemera ola lililonse n'kuonetsa kakapu, ndipo app imakuikira mlingo wa tsiku womwe sufanana ndi moyo wa munthu aliyense, kaya kwatentha kaya kwazizira, kaya wathamanga kaya wangokhala, kaya wadya zamadzimadzi. Siyeza kalikonse kokhudza madzi m'thupi mwako, ndi alamu chabe yovala chithunzi cha kapu. Ine poyamba ndinaimvera ndi mtima wonse, ikalira ndimwe, ikalira ndimwe, mpaka 9 koloko usiku, zotsatira zake kudzuka katatu kupita kukataya madzi, tulo tomwe ndinkafuna kukonza tija n'kusokonekeranso. Chinthu chimodzi chomwecho kumakonza mbali ino n'kumagumula mbali inayo.

Pomwe thupi lili ndi choyezera chake chabwino zedi. Munthu wamkulu pafupifupi theka mpaka 60 peresenti ya thupi lake ndi madzi, ndipo hypothalamus yomwe ija imalondera magazi nthawi zonse. Mchere wa m'magazi ukangokwera ndi 1 kapena 2 peresenti yokha, imachita zinthu ziwiri, imakupatsa ludzu ndipo imatumiza homoni yotchedwa vasopressin kukauza impso kuti sungani madzi, n'chifukwa chake mkodzo umachepa n'kukhala wachikasu chodera. Palibe wotchi yomwe imafika pamenepo. Ndipo kumwa mopyola muyezo nakonso kuli ndi ngozi yake, madzi akachuluka kwambiri pa nthawi yochepa mlingo wa mchere wa sodium umatsika kwambiri m'magazi, zachitikapo kwa othamanga mitunda italiitali ndipo ena anataya moyo. Nditaganiza bwino ndinaona kuti vuto langa silinali loti ludzu kulibe, linalipo tsiku lililonse, milomo kuuma, kukhosi gwaa, koma botolo linali kutali ndipo ine ndinkati ndimalize kaye. Ndinazimitsa alamu ija n'kuika botolo pafupi ndi kiyibodi pomwe dzanja lifika, ndipo ndikapita kokodza ndimayang'ana mtundu, ukakhala wachikasu chowala ndiye kuti zili bwino.

Koma ndisaiponderezenso kwambiri. Okalamba ludzu lawo limafooka, amatha kuuma m'thupi osamva kanthu, ndipo munthu wogwira ntchito padzuwa kapena amene akutsegula m'mimba amataya madzi mofulumira kuposa mmene ludzu lingamuuzire. Kwa anthu otere chikumbutso chili ndi ntchito. Kwa ine chinalibe.

Nkhani ya njala inandidabwitsa chifukwa sindinkayembekeza kuti ikhudzana ndi tulo. Ndinaona kuti masiku omwe wotchi yalemba maola 5, madzulo ake ndimafuna zotsekemera ndi zamafuta, kudya osakhuta, m'kamwa kumangofuna kenakake. Ndinkadziimba mlandu kuti ndine wosadziletsa. Kenako ndinadziwa za mahomoni awiri, ghrelin yochokera m'mimba yomwe imakwera nthawi ya chakudya ikayandikira n'kukuuza kuti idya, anaipeza ku Japan mu 1999, ndi leptin yochokera m'mafuta a thupi yomwe imauza ubongo kuti nkhokwe zilipo, imeneyi anaipeza Jeffrey Friedman ndi anzake ku New York mu 1994. Mu 2004 ofufuza a ku University of Chicago anagoneka anyamata athanzi maola 4 okha usiku uwiri wotsatizana, ghrelin inakwera, leptin inatsika, njala inakula makamaka ya zotsekemera ndi zokhutitsa msanga. Ndendende zomwe zinkandichitikira. Wotchi sinandiuze zimenezi, koma popanda manambala ake a tulo sindikanalumikiza ziwirizi, ndipo kudziwa kunandichotsera manyazi omwe ndinasenza kwa nthawi yaitali.

Zoti mwawotcha makalori akutiakuti, kutanthauza mphamvu ya chakudya yomwe thupi lagwiritsa ntchito, musazitengere. Ku yunivesite ya Stanford mu 2017 anayesa zipangizo 7 zovala padzanja, pa kugunda kwa mtima zambiri zinachita bwino koma pa makalori ngakhale chomwe chinaposa zonse chinkaphonya ndi 27 peresenti. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akudzimana chakudya njala ikumupweteka chifukwa wotchi yanena kuti lero sanawotche zokwanira.

Pa mtima ndiye ndiiyamikire. Munthu wamkulu akakhala phee mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, wanga usiku umakhala cha m'ma 63 kapena 65, ndipo ndayerekezapo ndi kuwerenga ndekha ndi zala pamtsempha, zimagwirizana. Mwezi wachisanu ndinadzuka n'kupeza 77, mawa lake 79, ine ndisakumva chilichonse, tsiku lachitatu thupi linatentha, kuphwanya, kuzizidwa. Thupi limasunga kutentha kwa mkati pafupi ndi madigiri 37, likamalimbana ndi matenda limakweza dala ndipo mtima umathamanga nawo, nde wotchi inaona nkhondo itayamba kale ine ndisanadziwe. Ndinapita kuchipatala msanga m'malo molimbalimba ngati kale. Ndikamwa mowa madzulo, ngakhale pang'ono, nambala yomweyi imakwera usiku wonse, ndipo kuona zimenezo kunandichepetsa kumwa kuposa malangizo onse omwe ndinamvapo. Pothamanga pokha imasochera, dzanja likamagwedezeka ndi thukuta nambala imadumphadumpha, muyenera kumanga lamba mothina pang'ono pamwamba pa kafupa ka pamkono.

Choyezera mpweya wa m'magazi ndi chomwe ndikufuna muchenjere nacho, makamaka ife a khungu lakuda. Munthu wathanzi amakhala pa 95 mpaka 100 peresenti. Yanga imatha kunena 97, kuyezanso pompo 91, kusuntha lamba pang'ono 99. Usiku wina inandionetsa 88 ndipo mantha anandigwira mpaka kukhala tsonga pabedi, pomwe ndinkapuma bwinobwino. Zipangizozi zimayeza powalitsa kuwala pakhungu, ndipo khungu lakuda limamwa kuwala kwambiri. Ngakhale tija ta kuchipatala topana chala tili ndi vuto limeneli, madokotala a ku University of Michigan anapeza mu 2020 kuti odwala akuda omwe mpweya wawo unali wotsika moopsa, kachipangizo kankalephera kuonetsa pafupifupi katatu kuposa mmene kankalepherera kwa azungu. Ndiye kuti ngozi yaikulu ndi yoti ikuuze kuti uli bwino pomwe suli bwino. Zimandikwiyitsa kuti pabokosi palibe chenjezo looneka la zimenezi. Ngati mukubanika, chifuwa chikuthina, milomo yasintha mtundu, thamangirani kuchipatala ngakhale wotchi ikunena 98. Ndipo ngati amene mumagona naye akukuuzani kuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumasiya kupuma kwa kanthawi, masana n'kumasinza paliponse, kaonaneni ndi dokotala, matenda amenewo alipo ndipo amathandizika, wotchi singakutsimikizireni.

Masitepe ndingodutsapo mwachangu. Imawerenga bwino poyenda, koma imawonjezeranso ukamachapa kapena kutsuka mano. Nambala ya 10,000 yomwe imabwera yoikiratu inayambira ku malonda a kachipangizo kowerenga masitepe ku Japan mu 1965, sinachokere kuchipatala, nde musadzizunze nayo. Kunjenjemera kwake ndikakhala pansi ola lathunthu ndimakukonda, chifukwa ndi nthawi yomwe ndimazindikira kuti msana wauma komanso kuti chikhodzodzo chadzadza kalekale.

Za kapangidwe: pabokosi analemba kuti batire limakhala masiku 14, zimatheka pokhapokha mutazimitsa pafupifupi zonse, ine nditayatsa zoyeza usiku wonse limatha masiku 5 kapena 6. Tchaja yake ndi ya maginito yapayokha, mukaitaya mwagwira njakata. Lamba wa pulasitiki anandipatsa totupa toyabwa sabata yachiwiri chifukwa thukuta limatsekeredwa mkati, ndinagula wansalu ndipo ndimaivula posamba, kupukuta dzanja, kusinthanitsa manja masiku ena. Padzuwa skirini sioneka bwino. App imapempha zilolezo zambiri zosafunika, manambala a anthu a m'foni, malo omwe uli, ine ndinakana zonsezo ndipo ikugwirabe ntchito. Ganizirani kuti mbiri ya tulo tanu ndi mtima wanu ikukasungidwa pa makompyuta a anthu ena, kwa ine si nkhani yaing'ono.

Pali mawu omwe Walter Cannon wa ku yunivesite ya Harvard anayambitsa m'ma 1920, homeostasis, kutanthauza mmene thupi limadzibwezera lokha pamlingo, madzi, shuga, kutentha, mpweya. Ludzu, njala, tulo, kuzizidwa, kufuna kukodza, ngakhale kubanika ukagwira mpweya komwe kwenikweni kumabwera chifukwa mpweya woipa wa carbon dioxide wachuluka m'magazi, zonsezi ndi mauthenga a ntchito imeneyo, thupi likupempha kuti mbali iyi sindingathe ndekha, ndithandize. Katswiri wa zamaganizo Abraham Maslow polemba za zosowa za munthu mu 1943 anaika zimenezi poyambirira penipeni, zina zonse pambuyo. Ine ndinazitembenuza, ndinkaika ntchito, mameseji ndi kusangalatsa abwana patsogolo, thupi kumapeto, ndipo ndinkadabwa kuti bwanji ndimapsa mtima msanga ndi ana, bwanji chiganizo chimodzi ndikuchiwerenga katatu. Wotchiyi sinaphunzitse thupi langa kalikonse, mauthenga onse analipo kale, inangondichititsa manyazi ndi manambala mpaka ndinayamba kuwamvera.

Nyenyezi ndikuipatsa 3 pa 5. Ngati muli ngati mmene ndinalili ine, woti dzuwa limalowa osadya ndipo mumakhulupirira kuti mumagona mokwanira, igulani kapena bwerekani kwa mwezi umodzi, yotsika mtengo ikukwanirani chifukwa zomwe zimathandizadi ndi maola a tulo ndi kugunda kwa mtima kwa usiku, ndipo zimenezi pafupifupi onse amachita. Ngati muli ndi nkhawa kale, mumavutika kupeza tulo kapena munavutikapo ndi nkhani ya kudya ndi kuwerenga makalori, chonde isiyeni, ingakuwonjezereni mtolo. Ngati muli ndi matenda a mtima kapena a m'mapapo, funsani dokotala wanu chipangizo choyenera.

Yanga pano zoyaka ndi zitatu zokha, maola a tulo, mtima, ndi kunjenjemera koti ndidzuke pampando. Za madzi, makalori, mpweya ndi malikisi ndinazimitsa. Loweruka ndi Lamlungu ndimaisiya m'dirowa. Achemwali anabwera sabata yatha, sanayang'ane n'komwe padzanja, anangofunsa funso lawo lomwe lija loti wadya, madzi wamwa, ndipo ulendo uno ndinawalozera mbale yomwe inali musinki ndi botolo lomwe linali litatsala pang'ono kutha.